Nkhuyu zodya akulu zikupota ana

Lachitatu pa 4 Novembala 2020, ophunzira a Fomu 4 m'dziko muno adadzuka ndi nkhawa yomwe aliyense amene adalembapo mayeso amaidziwa: kodi zomwe ndawerenga usiku wathawu zibwera? Dzuwa lisadalowe, funsolo lidali litatha ntchito. Nduna ya zamaphunziro pa nthawiyo, mayi Agnes NyaLonje, adalengeza kuti mayeso a MSCE a chaka chimenecho athetsedwa chifukwa mapepala adali atabedwa, ndipo ankayenda m'mafoni pa WhatsApp mofulumira ngati uthenga wa maliro.

Ana amenewa adali ataona kale zokhoma. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, iwo nakhala pakhomo miyezi yoposa isanu. Atabwerera mu Sepitembala adangokhala ndi masabata owerengeka oti akumbukire za zaka zinayi. Makolo adali atagulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga kuti alipire fizi, ndalama ya mayeso, ndi lendi ya tizipinda tomwe ana ochokera kutali amagonamo pafupi ndi sukulu. Tsono mwana wotere mukumuuza kuti alongedze katundu, adzabwerenso mu Malichi chaka chamawa?

Adatuluka m'misewu. Ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena, ophunzira adatseka misewu ndi miyala, ena nagenda galimoto za anthu osalakwa. Apolisi adafika ndi utsi wokhetsa misozi. Makolo athu adati nkhuyu zodya mwana zidapota akulu, koma tsiku limenelo mwambiwo udatembenuka: nkhuyu adadya ndi akulu a m'maofesi, mimba yopota idali ya ana. Amene adatulutsa mapepala aja sadatsokomole ndi utsi umenewo.

Kuti timvetse mkwiyo wa tsikulo, tiyenera kubwerera m'mbuyo ndithu. Nthawi ya atsamunda, ngakhalenso zaka zoyambirira za ufulu wodzilamulira, mayeso otsiriza a sekondale ankachokera ku Mangalande. Mu 1969 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe lathulathu loyendetsa mayeso, lomwe poyamba linkagwira ntchito mothandizana ndi bungwe la ku Britain la Associated Examining Board, ndipo mayeso oyamba a bungweli adalembedwa mu 1972. Mu 1987 bungwelo lidaphatikizidwa ndi nthambi ya mayeso ya unduna wa zamaphunziro, n'kubadwa Malawi National Examinations Board, Maneb yomwe timaidziwa leroyi, ndipo likulu lake lili ku Zomba.

Zomba ndi mzinda woyenera kuuganizira pa nkhaniyi. Kumeneko n'komwe kuli Maneb, kuli sukulu ya ukachenjede yomwe kale inkatchedwa Chancellor, yomwe idasamukirako mu 1973, kuli sukulu yophunzitsa apolisi, kuli asilikali a ku Cobbe Barracks, kulinso ndende ya Mikuyu. Chaka chomwe Maneb inkabadwa n'chomwe apolisi adagwira mphunzitsi wa pa Chancellor, mlakatuli Jack Mapanje, n'kukamutsekera ku Mikuyu mpaka 1991 osamuzenga mlandu. Cholembera ndi chibonga zakhala moyandikana mumzindawu kwa nthawi yaitali.

N'chifukwa chiyani kapepala ka MSCE kamatha kuutsa mkwiyo wotere? Kwa mwana wa mlimi, khomo ndi lokhalo. Kuti upate satifiketi uyenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Ukhoza kukhala katswiri pa masamu ndi sayansi, koma Chingerezi chikakugwetsa, zaka zinayi zija zapita m'madzi. Ukakhozanso, pali mpikisano wa mapointi: wa mapointi 6 ndiye mfumu, wa 30 ayambe kuganiza zobwereza. Malo m'sukulu za ukachenjede za boma ndi ochepa poyerekeza ndi khamu lomwe limakhoza. Unamwino, uphunzitsi, upolisi weniweniwo, paliponse amafunsa kapepala komweko. Pamene khomo lapapatiza chonchi, opanga makiyi achinyengo sasowa. Mawu oti likasa, kapepala kobisa m'sokosi kapena m'malaya, adalowa m'chiyankhulo chathu kalekale. Koma likasa ndi umbava wa mwana mmodzi. Pepala lenilenilo likatuluka tsiku lake lisadafike, pamenepo pali dzanja la munthu wamkulu amene adapatsidwa makiyi.

Zinthu zidasokonekera kwambiri ufulu wa zipani zambiri utabwera. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ganizolo lidali labwino, ndipo ambiri amene akuwerenga nkhaniyi adaphunzira chifukwa cha ilo. Koma makalasi kudalibe, ana ankaphunzira pansi pa mitengo, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzitsidwa ntchito. Mu 1998 malo ophunzirirapo a MCDE adasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera, ma CDSS, zambiri zopanda labotale, zopanda laibulale, aphunzitsi ake otengedwa ku pulayimale. Zotsatira sizidachedwe. Mu 1999 ophunzira osakwana 15 mwa 100 aliwonse ndiwo adakhoza MSCE. Mtsogoleri wa dziko adakhazikitsa komiti yofufuza chomwe chidachititsa, komitiyo idalemba lipoti lake, ndipo mu 2000 mayeso a MSCE adabedwa moti adathetsedwa, ophunzira nalembanso. Ambiri mwa ana amene adathamangitsidwa ndi utsi mu 2020 adali asadabadwe pamene makolo awo ankamva nkhani yofanana ndi yawo pa wailesi.

Mbiri ya ophunzira m'misewu ndiye ili ndi magazi. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi idawerengedwa m'matchalitchi, ndipo ophunzira a pa Chancellor adali m'gulu la anthu oyamba kuguba poyera kuivomereza. Sukuluyo idatsekedwa. Anthu adayembekeza kuti demokalase ikabwera, nkhanza zotere zitha. Malamulo aakulu a dziko a 1994 adanenadi mosapsatira, mu gawo 38, kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, wopanda zida.

Papepala zidalembedwa bwino. Mu Novembala 2001 woimba Evison Matafale adamwalira ali m'manja mwa apolisi. Mwezi wotsatira ophunzira a pa Chancellor adachita zionetsero ku Zomba, ndipo imfa ya woimbayo idali imodzi mwa madandaulo awo. Apolisi adaombera zipolopolo zenizeni. Wophunzira Fanikiso Phiri adavulazidwa, namwalira patangopita masiku ochepa. Adapita kukadandaula za munthu wofera m'manja mwa apolisi, iyenso n'kufa ndi mfuti ya apolisi, mu ulamuliro wosankhidwa ndi mavoti.

Chaka cha 2011 n'chofunika kuimapo pang'ono, chifukwa m'chaka chimenechi zonse zidaonekera poyera. Mu Febuluwale mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, adaitana mphunzitsi wa zandale pa Chancellor, Blessings Chinsinga, kukamufunsa za chitsanzo chomwe adapereka m'kalasi. Mphunzitsiyo adali atayerekeza kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja kuno ndi mavuto omwe adautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Funso lomwe aliyense adadzifunsa lidali loti: mkulu wa apolisi adadziwa bwanji zokambidwa m'kalasi? Aphunzitsi, motsogoleredwa ndi Jessie Kabwila, adanyanyala kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti mulibe akazitape. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Bingu wa Mutharika, adaikira kumbuyo mkulu wa apolisiyo. Aphunzitsi anayi adachotsedwa ntchito, nkhani idapita kukhoti, utsi wokhetsa misozi udafuka pasukulupo kangapo, ndipo ophunzira adataya pafupifupi miyezi isanu ndi itatu. Pa 20 ndi 21 Julayi anthu 20 adaphedwa pa zionetsero za dziko lonse, ambiri a iwo ku Mzuzu.

Kenaka pa 24 Sepitembala mtembo wa Robert Chasowa, wophunzira zauinjiniya pa Polytechnic ku Blantyre yemwe ankadzudzula boma, udapezeka pasukulupo. Apolisi adafulumira kunena kuti adadzipha podzigwetsa kuchokera pamwamba pa nyumba, naonetsa makalata omwe ankati adasiya. Dokotala wopima mitembo, Charles Dzamalala, adapeza zosiyana: mabala a m'mutu adali a munthu womenyedwa. Mu 2012 Joyce Banda atalowa m'boma adakhazikitsa komiti yofufuza, wapampando wake Justice Andrew Nyirenda, ndipo komitiyo idatsimikiza kuti Chasowa adachita kuphedwa, idatchulanso maina a anthu oyenera kufunsidwa. Ena adamangidwa, natuluka pa belo. Zaka khumi zidadutsa popanda ndi mmodzi yemwe wogamulidwa kuti ndiye adapha mnyamatayo. Amati mlandu suwola. Mwina suwoladi, koma mboni zimakalamba, mafayilo amasowa, ndipo makolo a malemu amafa akudikira.

Mu Julayi 2016 kudabweranso za fizi, pamene Yunivesite ya Malawi idakweza ndalama zomwe ophunzira amalipira kuchoka pa K275,000 kufika pa K400,000 pa Chancellor. Ophunzira adatseka msewu wa ku Zomba, moti ngakhale ulendo wa Jill Biden, mkazi wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la America pa nthawiyo, udasokonekera. Chatsopano chidali foni ya kamera. Kanema woonetsa apolisi akuwomba makofi atsikana a pasukulupo, omwe sankalimbana ndi aliyense, adafalikira dziko lonse. Zomwe kale zinkakanidwa kuti ndi mabodza a ana osamva, tsopano aliyense adaziona ndi maso.

Pano ndinene chilungamo, pakuti ophunzira nawonso si angelo. Chaka sichitha osamva kuti ana a pasekondale ina atentha laibulale kapena ofesi ya mphunzitsi wamkulu chifukwa cha nyemba zofumbwa kapena mnzawo wochotsedwa sukulu. Mwala wogendedwa pa zionetsero umaswa galasi la minibasi ya munthu amene naye mwana wake akulemba mayeso omwewo. Wapolisi wotumidwa pamsewu nayenso ndi mwana wa munthu, malipiro ake ndi ochepa, ndipo mwala ukamugunda amatuluka magazi ngati wina aliyense. Komabe awiriwa sangaikidwe pa sikelo imodzi. Mwana wa zaka 17 ali ndi mkwiyo ndi mwala. Wapolisi ali ndi mfuti, maphunziro a ntchito yake, lumbiro, ndi lamulo lomwe limamuuza malire a mphamvu zake. Mwana akaswa galasi, mawa lake ali m'chitokosi ndipo mkuja ali pamaso pa majisitireti. Wapolisi akathyola mwana mkono, timamva kuti nkhaniyo ikufufuzidwa.

Wofufuzayo adali ndani? Kwa zaka zambiri apolisi ankadzifufuza okha, ngati kuuza fisi kuti awerenge mbuzi zosowa m'khola. Lamulo la apolisi la 2010 lidalamula kuti pakhale bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi. Maboma atatu adadutsa bungwelo lili papepala pokha. Mkulu wake woyamba, Christopher Tukula, adasankhidwa mu 2020, patatha zaka khumi. Imfa ya Chasowa, anthu 20 a mu Julayi 2011, makofi a 2016, zonsezi zidachitika lamulo lilipo koma ofesi yake kulibe.

Tibwerere kwa ana a 2020 aja. Ulendo uno boma lidayankha mwachangu kuposa kale, ndipo pamenepa tiliyamikire. Lazarus Chakwera, yemwe adali atangokhala pampando miyezi inayi, adayankhula ku mtundu wa Amalawi, nalamula kuti akuluakulu oyendetsa Maneb achotsedwe mwezi usadathe, nakananso zoti ana adikire mpaka Malichi. Utsogoleri wa bungwelo udapita m'manja mwa Pulofesa Dorothy Nampota. Mayeso atsopano adayamba pa 5 Januwale 2021, ndipo asilikali a MDF ndiwo adaitanidwa kudzalondera mapepala, chizindikiro choti boma lenilenilo silidakhulupirirenso alonda akale. Kulembetsanso mayesowo kudafuna ndalama pafupifupi K4.5 biliyoni za misonkho yathu, ndalama zomwe zikadamanga makalasi ndi malabotale m'ma CDSS aja.

Koma kuchotsa munthu pampando n'kosiyana ndi kubwezera wolakwiridwa. Boma lidapeza ndalama zosindikizira mapepala atsopano, koma mbuzi ija idagulitsidwa kuti mwana alipire lendi ya Okutobala sidabwerere m'khola. Kholo lidayenera kusakanso thiransipoti, ufa ndi ndiwo za Januwale, mwezi womwe nkhokwe zimakhala zitapepuka ndipo kandalama kalikonse kapita ku fetereza. Ana adalemba mayesowo pamene funde lachiwiri la Covid-19 linkasesa dziko, mwezi womwewo nduna ziwiri za boma zidamwalira tsiku limodzi.

Zotsatira zitatuluka, 41.42 mwa 100 aliwonse ndiwo adakhoza, chiwerengero chotsikitsitsa pa zaka khumi. Mwa ophunzira 138,310 amene adalemba, adakhoza ndi 57,293. Otsalawo, 81,017, adabwerera kwawo opanda satifiketi, atalowa m'chipinda cha mayeso a Fomu 4 kawiri m'miyezi itatu.