Matola a mumlengalenga: mbiri ya kandege ka Beaver

Tikamva za ndege, ambirife timaganiza za chimphona cha Ethiopian chikutera pa Chileka, anthu ali ndi masutikesi a mateyala. Koma ndege yomwe inalumikiza dziko lathu lino misewu ya tala isanafike kutali inali kanthu kakang'ono, ka injini imodzi, konyamula anthu 6 kapena 7 basi. Dzina lake ndi de Havilland Canada DHC-2 Beaver. Ine ndimakatcha matola a mumlengalenga.

Kanabadwira ku Toronto, m'dziko la Canada, ndipo kanauluka koyamba pa 16 Ogasiti 1947. Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti okapangawo sanangodzitsekera mu ofesi. Anayamba afunsa kaye oyendetsa ndege a m'nkhalango za kumpoto kwa Canada, komwe kunalibe misewu, kuti akufuna ndege yotani. Anthuwo za liwiro analibe nazo ntchito. Ankafuna mphamvu, malo a katundu, ndi ndege yotha kunyamuka pa bwalo lalifupi.

N'chifukwa chake chilichonse pa thupi la Beaver chili ndi cholinga. Mapiko ake, otalika mamita 14.6 kuchoka nsonga ina kufika inzake, ali pamwamba, kuti asamakole tchire komanso kuti woyendetsa aziona bwino pansi. Zitseko zili mbali zonse ziwiri, ndipo n'zazikulu moti dilamu la malita 200, longa lomwe timasungiramo madzi pakhomo lija, limalowa bwinobwino. Matanki akuluakulu a mafuta ali kumimba, choncho wothira safunika makwerero. Pothirira oyilo anapaika m'kati momwemo, pafupi ndi woyendetsa. Kutsogolo kuli injini ya Pratt & Whitney ya masilinda 9 ozungulira ngati nsichi za nkhokwe, yamphamvu za mahatchi 450. Bwalo la udzu la mamita 400 okha limakakwanira. Pofika 1967 anali atapanga 1,657, ndipo tambiri tikuulukabe mpaka lero ku Canada ndi ku Alaska.

Nanga kuno kanabwera bwanji? Mu 1946 maboma a Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja anakhazikitsa kampani ya Central African Airways. M'zaka za m'ma 1950 kampaniyi inabweretsa ma Beaver kuti azifika komwe ndege zikuluzikulu sizikanatera: ku Barotseland, ndipo kuno kwathu madera monga Mzuzu, Karonga ndi Fort Hill, komwe lero timati Chitipa. Ife a ku Mulanje tinali ndi mwayi, njanji inadutsa pa Luchenza, Limbe ali pafupi. Koma wa ku Karonga nthawi ya dzinja ankadalira sitima ya panyanja kapena msewu wamatope wa masiku angapo. Kwa iye makalata ndi mankhwala zinkatha kubwera ndi kandege aka. Tisanamizane, okwera ambiri anali mabwana a boma la atsamunda, amishoni ndi amalonda. Agogo athu ankangokaona kakudutsa, khasu lili m'manja.

Titalandira ufulu mu 1964, Air Malawi inayamba ndi ma DC-3 ndi ma Beaver omwewo. Kenaka kunabwera ndege zina, misewu ya tala inafalikira, mabwalo ang'onoang'ono ambiri n'kumera tchire. Air Malawi nayo inatha mu 2013.

Mwina mukuti, aise, zakalezi zitithandiza chani? Kumbukirani Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atagumula phiri, kukokolola milatho kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, midzi ina inakhala masiku osafikika pa galimoto. Tinayang'ana kumwamba, n'kudikira ma helikopita, ena ochokera kwa anzathu a ku Tanzania ndi ku Zambia. Sindikunena kuti Beaver ikanatera pamatope aja, ayi. Ndipo tonse tikudziwa kuti nkhungu ya chiperoni ikaphimba Sapitwa, kandege kakang'ono sikaseweretsa moyo. Ndikunena za nzeru yomwe inabala Beaver: kuyamba wafunsa munthu wa kutali, wopanda msewu, kuti akusowa chani, kenaka n'kupanga chida chomukwanira.

Ifeyo timakonda kulota zikuluzikulu, bwalo la magalasi, ndege yopita ku Dubai. Sizoipa. Koma bwalo la udzu la mamita mazana angapo pafupi ndi chipatala cha boma limangofuna zikwanje, kulisalaza, ndi wina woletsa anthu kulimapo chimanga. Mvula ya ngati ya Freddy idzabweranso, asayansi akutero. Funso lomwe ndikufuna tizifunsa makhansala ndi aphungu athu n'lakuti: msewu wa ku Muloza ukadzadukanso, mayi wodwala pakati adzatuluka bwanji?