Za Masitoro a ku Mulanje ndi Eni Ake

Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Limbe kunka ku Muloza, akafika pa Chitakale kapena pa Limbuli, aona masitoro akale a makhonde otambalala, ndi pambali pao timagolosale ndi timaokala tatsopano. Tifuna kuwakumbutsa owerenga athu mbiri ya nyumba zimenezi, pakuti itiphunzitsa kuti malonda saima popanda zinthu ziwiri: malo amene munthu ali nayo kalata yake, ndi mpamba umene angathe kukongola. Ziwirizi makolo athu anazisowa zaka zambiri, ndipo suli ulesi umene unawasowetsa ai.

Tiyambe ndi malo. Dziko lino litalowa m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1891, Harry Johnston anapatsa Azungu makalata otsimikiza kuti malo amene ananena kuti anagula kwa mafumu ndi ao ndithu. M'chaka chomwecho tiyi anayamba kubzalidwa ku Mulanje, ndipo nthaka yabwino ya m'tsinde mwa phiri inasanduka minda ya Azungu. Alomwe ambiri amene anaoloka malire kuchokera ku dziko la Apwitikizi anakhala pa mindayo mwa thangata, kulipira malo ndi thukuta lao. Tsono munthu wokhala pa malo a mwini, amene angathe kuchotsedwa mawa, adzaumba bwanji njerwa za sitoro? Ngakhale iye wokhala pa dziko la mfumu analibe kalata yoti apereke chikole, pakuti malo a mudzi sagulitsidwa.

Chachiwiri ndicho ngongole. Kuyambira m'chaka cha 1903 kunali lamulo lakuti mlendo akakongoza munthu wakuda katundu woposa paundi imodzi, bwalo la milandu silidzamthandiza kulonjerera ngongoleyo. Analikonza ananena kuti litchinjiriza anthu. Koma chipatso chake chinali chakuti eni masitoro akuru, monga a Mandala, sanafune kupatsa munthu wakuda nsaru ndi mchere pa ngongole. Mmwenye sanali womangidwa chotero. Iye anabwereka kachigawo ka malo kwa mwini munda kapena kwa Boma, natenga katundu pa ngongole kwa abale ake a ku Limbe, nalipira atagulitsa. Motero sitoro inakhala ya Mmwenye, ndipo mwana wa m'mudzi anatsala pa khonde ndi makina osokera, kapena anayenda ndi mtolo pa njinga.

Tisaganize kuti panalibe oyesa. Amuna amene anapita ku Salisbury ndi ku migodi ya Johannesburg anabwera ndi ndarama zao, namanga timakantini m'midzi. Koma mpamba wotere ukatha ndi maliro kapena chaka cha njala, panalibe khomo lina logogoda, koma la katapila yekha.

Za malo zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Sir Sidney Abrahams atafufuza madandaulo a anthu m'chaka cha 1946, Boma linayamba kugula malo ena kwa eni minda, ndipo thangata linathetsedwa m'chaka cha 1962. Koma kusintha kwakukuru kwa masitoro kunadza m'masiku a Dr. Banda. Kuyambira 1970 Boma linalamula Amwenye kuti achoke m'midzi, ndipo pofika 1978 analoledwa kuchita malonda m'mizinda inai yokha: Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Ku Mulanje, monga m'maboma ena, nyumba zao zinagulidwa kapena kubwerekedwa ndi anthu a dziko lino.

Apa ndipo pali phunziro lowawa. Ambiri amene anatenga masitorowo anathira ndarama zao zonse pa nyumba, natsala opanda chogulira katundu. Ndipo Mmwenye pochoka anapita nayo ngongole ya abale ake imene inadzaza mashelefu. Masitoro a Chipiku anagulitsa katundu wa pikulitsa, koma wogula anayenera kudza ndi ndarama m'manja. Chotero nyumba zambiri zinatsekedwa, zina zinagumuka, ndipo anthu anayenda mitunda kukafuna sopo ndi palafini. Boma linaona kuti nyumba yokha siichita malonda, ndipo m'chaka cha 1982 linakhazikitsa bungwe la SEDOM lokongoza amalonda ang'onoang'ono. Mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndarama anali atalumikizana kale mu MUSCCO m'chaka cha 1980.

Lero lamulo loletsa ngongole lija kulibe, koma banki ifunsabe funso lakale lomwelo: kalata ya malo ili kuti? Malamulo a malo a 1965 analola munthu kupempha lisi kwa Boma, ndipo a 2016 alola kulembetsa malo a makolo m'dzina la munthu kapena la banja. Komabe ku Mulanje, kumene anthu ali othithikana pakati pa phiri ndi minda ya tiyi, ambiri agula malo a golosale pa mau a pakamwa pokha.

Chifukwa chake tinena kwa inu, abale, amene mulingalira kugula nyumba ya malonda: musapereke ndarama musanaone kalata, musanafunse mfumu, ankhoswe a banja logulitsalo, ndi a ofesi ya za malo. Muwerengere chiwongola dzanja musanasaine, ndipo musiye gawo la mpamba la katundu, kuti zimene zinaoneka m'zaka za 1970 zisabwerezedwe pa inu. Akuru anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pa chala ngwa mphepo. Sitoro yopanda kalata ndiye fodya wa pa chala.