MAFUMU AWIRI AMENE ANAKANA APHUNGU

 Madzulo ano tikambe za olamula awiri, wina wa ku Roma wakale, wina wa kutsidya kwa malire athu ano.

Tiyambe ndi cimene cinaoneka kuno kwathu. M'caka ca 1972, mvula iri pafupi, anthu zikwi zambiri anaoloka malire kucokera ku Malawi, akatundu pamutu, ana kumsana. Boma la Zambia linawasonkhanitsa pa Sinda Misale, kufupi ndi malire komweko. Anthuwa anali a Mboni za Yehova, ndipo mlandu wao unali wakuti anakana kugula khadi la cipani ca Malawi Congress Party. Cifukwa ca ici anacotsedwa nchito, nyumba zao zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa, ena anaphedwa. Pamsasapo madzi abwino anasowa, nthenda zinabuka, ndipo anthu mazana anamwalira, makamaka ana. M'mwezi wa December anabwezedwa kwao, koma posacedwa ambiri anathawanso, ulendo uno kunka ku Mozambique.

Kodi zinatheka bwanji kuti mtsogoleri amene anthu anamlandira ndi nthungululu afike potere? Kuti timvetse, tiyeni tiyambe tapita ku Roma.

Nero analowa ufumu m'caka ca 54, ali mnyamata wa zaka 16. Zaka zoyamba analamula bwino, pakuti anali kumvera aphungu awiri: Seneca, mphunzitsi wace, ndi Burrus, mkuru wa asilikari olonda mfumu. Koma m'caka ca 59 anaphetsa mai wace, Agrippina. Burrus anamwalira mu 62, ndipo Seneca anapatuka pabwalo la mfumu. Mu 65 analamulidwa kuti adziphe. Tsono pamene moto waukuru unapsereza mzinda wa Roma m'mwezi wa July 64, panalibenso munthu womletsa Nero. Anthu ananong'onezana kuti mfumu yomweyo ndiyo inayatsa motowo. Tacitus, wolemba mbiri wa Aroma, atiuza kuti Nero, pofuna kuzima mphekeserazo, anakankhira mlandu pa Akristu, kagulu kocepa kopanda wokanenera. Ena anabvekedwa zikopa za nyama nang'ambidwa ndi agaru, ena anapacikidwa, ena anatenthedwa usiku ngati miuni. Ndipo pa malo opsawo Nero anadzimangira nyumba yaikuru yochedwa Nyumba ya Golidi.

Tibwere tsono ku Malawi. Sindinena kuti Dr. Hastings Kamuzu Banda anafanana ndi Nero m'zonse, iai. Nero anali mnyamata wokonda nyimbo ndi masewera, Dr. Banda anali munthu wamkuru, dokotala wophunzira, amene anabwera kwao pa 6 July 1958 kudzathyola Citaganya, nagona m'ndende ya Gwelo koposa caka cathunthu cifukwa ca anthu ace. Cimene cifanana ndico njira imene anaiyenda.

Dziko la Malawi linalandira ufulu pa 6 July 1964. Itangopita miyezi iwiri, nduna zace zinamdandaulira za tiki imene odwala anali kulipitsidwa kucipatala, za cibwenzi cace ndi Apwitikizi, ndi za cizolowezi cace cocita zonse yekha ndi kuwachula iwo anyamata ace. Iye anayankha mwa kucotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi. Henry Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula okha maudindo ao. Kucokera tsikulo panalibe wina wolimba mtima kunena kuti, "Apa mwalakwa, Bwana." Mu 1966 cipani cinatsala cimodzi. Mu 1967 a Mboni analetsedwa. Mu 1971 Dr. Banda anakhala Prezidenti wa moyo wace wonse, ndipo anthu anali kutsekeredwa ku Dzeleka ndi ku Mikuyu popanda kuweruzidwa.

Orton Chirwa ndi mkazi wace Vera anagwidwa m'malire a kuno kum'mawa m'mwezi wa December 1981, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. M'mwezi wa May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka akufa ku Mwanza. Boma linalengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Kufufuza kwa pambuyo pace kunaonetsa kuti anacita kuphedwa.

Mathedwe a awiriwa anasiyana. M'caka ca 68 akazembe a ku Gaul ndi ku Spain anamuukira Nero, bwalo la akuru a Roma linamyesa mdani wa dziko, ndipo iye anadzipha m'mwezi wa June, nasiya Aroma akuphana okhaokha polimbirana mpando. Ku Malawi, mabishopu a Cikatolika analemba kalata yodzudzula boma imene inawerengedwa m'machalichi pa 8 March 1992. Pa 14 June 1993 anthu anasankha zipani zambiri, ndipo caka comweco ciletso ca a Mboni cinacotsedwa. M'mwezi wa May 1994 Dr. Banda anagonja kwa Bakili Muluzi, natula mpando mwamtendere, ndipo pa cimeneci ayenera kuyamikidwa. Pa mlandu wa ku Mwanza bwalo linampeza wosalakwa mu 1995. Kuciyambi kwa 1996 anapepesa kwa onse amene anazunzika m'nthawi yace, namwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997.

Nanga anasiya ciani? Pano mpamene pali cobvuta. Suetonius analemba kuti Nero atafa panali anthu amene kwa nthawi yaitali anali kuika maluwa pa manda ace, ndiponso kunauka anthu onama kuti ndiwo Nero wabwera, napeza owatsata. Osauka a ku Roma anakumbuka masewera ndi mphatso zace. Cimodzimodzi ku Malawi alipo ambiri amene achula dzina la Ngwazi ndi ulemu, ndipo ali nazo zoloza: likulu la Lilongwe, kumene boma linasamukira mu 1975, University ya Malawi, miseu ya tara, ndi sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama, yotsegulidwa mu 1981, kumene iye analamula kuti ana aphunzire Cilatini, cinenero ca Tacitus yemweyo. Mu 2006 boma linammangira manda okongola ku Lilongwe.

Zonsezi nzoona, ndipo sitiyenera kuzibisa. Koma mseu ndi nyumba zioneka kwa aliyense wopita, pamene manda a mwana wofera pamsasa amera udzu mvula ziwiri zokha, ndipo owadziwa akamwalira mbiri yace ithera pomwepo. Ndico cace wolemba mbiri ayenera kuwerenga zonse ziwiri, zomanga ndi maliro omwe.

Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mwa ici sanalole mfumu kuweruza mlandu popanda nduna zace. Nkhanza za Nero ndi za Kamuzu zinakula tsiku limene aphungu anatsekedwa pakamwa, ndipo oyamba kulawa ululu wace anali kagulu kocepa kamene anthu ena sanakasamale. Tsono inu a ku Zemba, ngati alipo m'mudzi mwanu wokalamba amene anaona othawa aja a 1972, mkhazikeni pansi, ana amve kucokera pakamwa pace. Tsalani bwino.