Chigwa Ichi Chidzadya Dothi Lochuluka Bwanji?

Munthu wa paulendo akafika pamene akulambula msewu watsopano, naona zikhomo zokhomedwa m'mbali mwake, zina zomangidwa kansalu kofiira, zina zolembedwa manambala, napenyanso matipa akukhuthula dothi m'chigwa pamene katapila akugumula chitunda patsogolo pake, kawirikawiri amangodandaula za fumbi ndi kuchedwa kwa ulendo, osadziwa kuti khasu loyamba lisanagwe pamalopo panali munthu wina amene anakhala pansi nawerengera dothi lonselo. Funso limene munthuyo anayankha ndi lakale ngati ntchito yomanga imene: chigwa ichi chidzadya dothi lochuluka bwanji, ndipo lidzachokera kuti? Pa yankho lakelo m'pamene pamatsamira ndalama za boma, phindu la kontirakitala ndi malipiro a anyamata a fosholo.

Aigupto analidziwa funsoli. Mu mzinda wa Moscow muli gumbwa wawo wolembedwa cha m'ma 1850 Khristu asanabadwe, ndipo pa samu ya nambala 14 mlembi akuphunzitsa mwana wake wa sukulu kupeza kukula kwa piramidi yodulidwa nsonga, imene m'munsi mwake mbali iliyonse ndi mikono 4, pamwamba mikono 2, msinkhu wake mikono 6. Yankho lake ndi 56, ndipo injiniya wa lero akaibwereza samuyo sapeza chokonza.

Koma amene analimvetsa dothi monga alimvetsera munthu wolikumba ndi manja anali Atchaina. M'buku lawo la masamu la mitu isanu ndi inayi, limene Liu Hui analembapo ndemanga m'chaka cha 263, mutu wachisanu ndi wa malinga, ngalande ndi mitumbira yotchinga madzi, ndipo umaphunzitsa chinthu chimene aliyense wokumbapo dzenje la chimbudzi anachiona ndi maso: dothi silisunga muyeso wake. Anati miyeso 4 ya nthaka yosakumba imasanduka miyeso 5 ikakumbidwa n'kufumbutuka, koma ikatsenderedwa bwino ndi chosinjira imatsika kufika pa miyeso 3. Tiyerekeze kuti malo ofuna kukwiriridwa ndi makyubiki mita 240. Potsata muyeso wa akuluakulu amenewa, muyenera kukumba makyubiki mita 320 pa chitunda, ndipo ngolo zanu zidzanyamula 400 a dothi lofumbutuka. Manambala atatu, dothi lake limodzimodzi. Ndipo milandu yambiri ya pakati pa mwini ntchito ndi womanga, kuyambira masiku amenewo kufikira lero lino, imabuka chifukwa wina akunena za dothi la m'ngolo pamene mnzake akunena za dothi lotsendera. Ine ndimayesa mzere umenewu wa 4, 5 ndi 3 chinthu chanzeru koposa m'mbiri yonseyi.

Zaka mazana ambiri zitapita, m'chaka cha 1781, Mfalansa wina dzina lake Gaspard Monge anafunsa funso lachiwiri: popeza kunyamula ndiko kumadya ndalama, dothi la pachitunda ichi lipite ku chigwa chiti kuti ulendo wake ufupike? Funsolo linakula kuposa dothi, kotero kuti Leonid Kantorovich wa ku Russia, amene analifukulanso m'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anadzalandira mphotho ya Nobel ya zachuma mu 1975.

Nyengo imene masamu a dothi anasanduka chakudya cha tsiku ndi tsiku inali ya njanji za ku Britain, pakuti sitima ya pamtunda sikwera phiri monga achitira bulu. Imafuna njira yosalala, ndipo chifukwa chake zigwa zinayenera kudzazidwa ndi zitunda kuchepetsedwa. Pa njanji ya London ndi Birmingham, imene Robert Stephenson anaitsiriza mu 1838, amuna pafupifupi 20,000 anagwira ntchito ndi piki, fosholo ndi wilibala. Pa malo otchedwa Tring anang'amba chitunda mtunda wa mamailosi awiri ndi theka, kuya kwake mapazi ngati 40, ndipo potulutsa dothi m'phomphomo ankayala matabwa motsetsereka, munthu n'kugwira wilibala yodzaza, kavalo ali pamwamba n'kumakoka chingwe chomangidwa kuwilibalayo. Kavalo akadzidzimuka kapena phazi likaterereka pa matope, munthu ndi katundu wake yemwe ankagubudukira pansi. Munthu akaganizira thukuta limenelo, amazindikira kuti kulakwitsa samu pa pepala kunali kusenzetsa anthu katundu wachabe kwa milungu yathunthu.

Nanga ankawerengera bwanji? Woyeza malo ankayenda ndi unyolo wa Edmund Gunter, wa m'chaka cha 1620, wotalika mapazi 66, wa mphete 100, ndipo pa unyolo uliwonse ankaima, mnyamata wake n'kuimika ndodo ya manambala, iye n'kusuzumira m'makina ake nalemba m'kabuku kukwera ndi kutsika kwa nthaka modutsa njirayo. Kuofesi alembi ankajambula chithunzi cha malo aliwonse monga ngati nthaka yadulidwa ndi mpeni, napeza kukula kwa nkhope yodulidwayo. Nkhope ina ikakhala masikweya mita 10, yotsatira 14, pakati pake mamita 20, ankatenga ya pakatikati, ndiyo 12, nachulukitsa ndi 20. Ndi momwe tapezera 240 uja. Njirayi njapafupi, koma kawirikawiri imapereka dothi lochulukirapo pang'ono kuposa lenileni, ndipo ofuna kulondola ankatsata njira yotalikirapo yoyezanso nkhope yachitatu pakati. Mu 1833 John Macneill, wophunzira wa Thomas Telford, anasindikiza buku la manambala owerengeratu kuti alembi apumeko, ndipo mu 1854 Jakob Amsler wa ku Switzerland anapanga kachipangizo ka mikono iwiri kamene ukayendetsa nsonga yake m'mphepete mwa chithunzi, kagudumu kake kamakuuza kukula kwa chithunzicho. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha: unyolo umodzi, tsamba limodzi, mpaka njanji inafika. Ndi m'nyengo yomweyo ya unyolo ndi kabuku m'mene njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, inakwera mapiri n'kufika ku Blantyre mu 1908.

Zinthu zinatembenuka msanga nkhondo yachiwiri itatha. Mu 1957 Trevor Wadley wa ku South Africa anatulutsa Tellurometer, makina oyeza mtunda ndi mafunde a wailesi, unyolo n'kuyamba kupachikidwa pakhoma. Chaka chotsatira, Charles Miller ndi mnzake Laflamme a pa sukulu ya MIT ku America, pogwira ntchito ya misewu, analongosola m'mene nthaka yonse ingasungidwire mu kompyuta ngati khamu la mfundo, mfundo iliyonse ili ndi manambala atatu onena pamene ili ndi kukwera kwake. Mapulogalamu a lero, monga Civil 3D, amalumikiza mfundozo m'timakona atatu tosawerengeka, motsata njira imene Boris Delaunay anaifotokoza mu 1934, napanga ukonde wooneka ngati nthaka yeniyeniyo. Kenaka amayala pamwamba pake ukonde wachiwiri, wa msewu umene injiniya akuufuna, ndipo mpata wa pakati pa maukonde awiriwo ndiwo dothi lokumba kapena lokwirira. Ntchito imene inkadya miyezi ya alembi tsopano imatha tiyi asanazizire, ndipo mfundozo zimatoledwa ndi makina a GPS kapena ndi tindege topanda woyendetsa tojambula nthaka kuchokera m'mwamba.

Ndi mphatso yaikulu ndithu, ndipo sindiichepetsa. Komabe kompyuta imadziwa nthaka yokhayo imene yauzidwa. Woyeza malo akalambalala khwawa chifukwa cha zitsamba zoyabwa, osaimikamo ndodo yake, pulogalamu imalumikiza gombe ili ndi gombe ilo ngati kuti pakati mpathyathyathya, ndipo dothi lonse la khwawalo limasowa m'mawerengero. Kandege kakajambula dambo la udzu wautali, nsonga za udzu zimayesedwa nthaka. Dambo lomwelo likasenzetsedwa mtumbira wolemera limatitimira, n'kumeza dothi limene palibe analiwerengera. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo injiniya wokhulupirira manambala a pa kompyuta asanapondepo phazi pamalopo watuma kandimverere ameneyo. Ngakhale muyeso wa kufumbutuka ndi kutsendereka kwa dothi pulogalamu siudziwa yokha. Munthu amatapa dothilo m'thumba, nakaliyesa ku labotale, nalemba nambalayo ndi dzanja lake m'kabokosi kofunsa zomwezija anafunsa Atchaina.

Tsono inu achinyamata amene mukuphunzira ntchito yoyeza malo, phunzirani mapulogalamuwa ndi mtima wonse, pakuti dziko likusowa misewu ndi madamu. Koma kompyuta ikakupatsani nambala, tengani pensulo, musankhe nkhope ziwiri kapena zitatu, muziwerengere pamanja monga ankachitira alembi a Stephenson, ndipo zikasiyana, valani nsapato mubwerere kukhwawa kuja ndi ndodo yanu.