Mauka si dzina la matenda amodzi

Mayi akafika pachipatala chaching'ono chakumudzi n'kunena motsitsa mawu kuti ali ndi mauka, wadandaula zambiri koma matenda sanawatchule. M'mawu amenewa muli kuyabwa kumaliseche, chikazi chonunkha, kutentha pokodza, ngakhalenso tinthu tomera panjira ya abambo timene anthu ena amakadulitsa ndi lezala.

Achipatala amagawa matenda a njira yoberekera patatu. Alipo opatsirana pogonana, monga chindoko, chinzonono ndi mabomu. Alipo oyambira m'thupi mwa mayi mwiniwake, tizilombo tokhalamo kale tikangochulukana. Candida ndi wa gulu limeneli: chikazi chake chimakhala choyera, cha mibulumibulu ngati chambiko, ndipo amakonda amayi oyembekezera ndi odwala shuga. Ena amalowa ndi zipangizo zauve, pochotsa mimba mobisa kapena pochilira kunyumba.

Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, pakuti kumudzi vuto lililonse la kumaliseche limasanduka mlandu wa chiwerewere. Taganizani za likodzo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi ku Salima. Mazira a tinyongolotsi take amakhazikika pakhomo la chiberekero, mayi n'kumataya magazi akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake. Iye anangolowa m'madzi kukachapa. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma poti zipatala zambiri zakumudzi zilibe zoyezera ndipo zimapereka mankhwala potengera zizindikiro, angathe kubwerera kwawo ndi a chinzonono, banja n'kugwedezeka popanda wolakwa. Zimenezi zimandiwawa.

Akatswiri akamakamba za kufala kwa matenda, amatanthauza kuchuluka kwa amene ali nawo panthawiyo. Koma kaundula wa pachipatala amangowerenga ofikapo. Chinzonono chimatha kukhala mwa mayi mwakachetechete mpaka kutseka machubu, ndipo chindoko ambiri amachidziwira kusikelo, atabayidwa pachala.

Zokulitsa chiopsezo n'zapafupi: kutawasa mkati ndi sopo, kuikamo zitsamba kuti muume, nsalu za kumwezi zoumira m'nyumba chifukwa cha manyazi, mtunda wautali wokafika kuchipatala. Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi kapepala kamene namwino amapatsa mayi kuti akaitanire mwamuna wake. Abambo ambiri amakana poti palibe pakuwapweteka, mayi n'kumaliza mankhwala, n'kutenganso matendawo m'nyumba momwemo.