Banja la a Paston: mbiri ya zidzukulu za mlimi wa ku Norfolk

Lero ndafuna tikambirane za banja lina la alimi a ku England, lomwe mbiri yake yadziwika bwino chifukwa linkasunga makalata.

M'mphepete mwa nyanja, kumpoto chakum'mawa kwa dera la Norfolk, kuli mudzi waung'ono wotchedwa Paston. Kumeneko kunkakhala mlimi wina dzina lake Clement Paston, yemwe anamwalira mu 1419. Chikalata chomwe mdani wa banjali analemba pambuyo pake chimati Clement ankalima yekha ndi pulawo, ankapita kuchigayo atakwera kavalo wopanda chishalo atakhalira thumba la tirigu, ndipo minda yake inali maekala 100 kapena 120 basi. Wolembayo ankafuna kunyoza, koma potero anatisungira chithunzi cha kholo la banjali.

Clement anakula mliri waukulu wa 1348 ndi 1349 utangopulula anthu ochuluka. Minda yopanda eni inachuluka, antchito anasowa, motero mlimi wochenjera anali ndi mpata wokweza banja lake. Iye anakongola ndalama natumiza mwana wake William kusukulu, ndipo mlamu wake Geoffrey Somerton, amalume a mnyamatayo, anathandizapo. William anaphunzira zamalamulo mu London, ndipo mu 1429 anasankhidwa kukhala woweruza m'bwalo lina lalikulu la mfumu. Anagula malo ku Oxnead ndi ku Gresham, nakwatira Agnes Berry, mwana wa munthu wolemekezeka. Pomwalira mu 1444, anasiya chuma chimene bambo ake sakanachilota n'komwe.

Koma kugula malo ndi kuwasunga n'zinthu ziwiri zosiyana. Mu 1448, Lord Moleyns analanda Gresham ponena kuti malowo ndi ake. John Paston, mwana wa William, ankakhalitsa ku London kutsata milandu, choncho amene anaima pamalopo anali mkazi wake, Margaret. M'kalata ina mayiyu anapempha mwamuna wake kuti amutumizire mauta ndi nkhwangwa zankhondo, ndipo m'kalata yomweyo anawonjeza shuga, mtedza wa amondi ndi nsalu zosokera zovala za ana. Patapita miyezi ingapo, gulu la anthu onyamula zida linagumula khoma la chipinda chomwe anabisalamo, n'kumunyamulira kunja. Banjali linabwezeredwa Gresham mu 1451.

Mkangano woopsa koposa unabwera ndi chuma cha masiye. Sir John Fastolf, msilikali wolemera amene analibe mwana, anamwalira mu Novembala 1459. John Paston, yemwe anali loya wake, ananena kuti nkhalambayo ili pamphasa ya imfa inasintha wilo yake pakamwa chabe, n'kumusiyira malo ake a ku Norfolk ndi Suffolk pamodzi ndi nyumba ya malinga ya Caister. Ena mwa osunga chumacho sanakhulupirire. John anatsekeredwa m'ndende ya Fleet katatu, ndipo mu 1465 anthu a Duke wa ku Suffolk anaphwasula nyumba ya ku Hellesdon. Adani anafukulanso nkhani yakuti makolo a banjali anali anthu ogwira thangata, amene analibe ufulu wokhala eni malo otere. Mu 1466, chaka chomwe John anamwalira, Mfumu Edward IV inalengeza kuti a Paston ndi mbadwa za mfulu zolemekezeka. Za pulawo ya Clement, zidzukuluzo sizinafunenso kuzitchula.

Ana aamuna awiri oyamba a John onse ankatchedwa John. Mu 1469, Duke wa ku Norfolk anazinga Caister ndi asilikali ochuluka, pamene m'kati munali John wamng'ono ndi anthu pafupifupi 30. Patatha masabata angapo anagonja, ndipo nyumbayo inabwerera kwa iwo mu 1476 Duke uja atamwalira.

M'chaka chomwecho cha 1469, mlongo wawo Margery anaulula kuti anapangana ukwati mwachinsinsi ndi Richard Calle, kapitawo woyang'anira minda ya banjali. Abale anapsa mtima poti mwamunayo anali wantchito wawo. Bishopu wa ku Norwich anawafunsa aliyense payekha, napeza kuti malonjezo awo anali ukwati weniweni. Margaret anatsekera mwana wake khomo. Apa tiyenera kuima pang'ono: zidzukulu za munthu amene anakwezedwa ndi sukulu zinakana mkamwini wodziwa kulemba ndi kuwerengetsera, yemwe ntchito yake sizinathe kuileka, pakuti Calle anapitirizabe kuwatumikira. Komabe m'wilo yake, Margaret, yemwe anamwalira mu 1484, anasiyira mwana wamwamuna wa Margery mapaundi 20.

John wamng'ono anakwatira Margery Brews mu 1477, ndipo kalata imene namwaliyu anamulembera chaka chimenecho imatengedwa kuti ndi kalata ya Valentine yakale kwambiri m'Chingerezi. Mbadwa za awiriwa zinakwerabe. Mu 1606 Sir William Paston anakhazikitsa sukulu ku North Walsham, komwe Horatio Nelson anadzaphunzira ali mnyamata. Mu 1679 Robert Paston anapatsidwa udindo wa Earl wa ku Yarmouth, ndipo mwana wake William anakwatira mwana wamkazi wa Mfumu Charles II wobadwira kunja kwa ukwati. William ameneyu anamira m'ngongole, ana ake aamuna onse anatsogola kumanda, ndipo atamwalira mu 1732 udindowo unathera pomwepo. Malo anagulitsidwa, nyumba yaikulu ya ku Oxnead inasanduka bwinja.

Mu 1735, wolemba mbiri Francis Blomefield analowa m'chipinda cha zikalata ku Oxnead napeza milu ya makalata akale. John Fenn anayamba kuwasindikiza mu 1787. Lero zikalata zoposa 1,000 zilipo, zambiri mwa izo ku British Library mu London, ndipo kumudzi wa Paston nkhokwe yaikulu yofolera ndi udzu imene banjali linamanga mu 1581 idakaimabe.

Minda imene anaikhetsera mwazi inapita kwa eni ena, koma mapepala amene Margaret ankalembetsa mofulumira ndiwo atsala. Tikamawotcha makalata a agogo athu pokonza m'nyumba maliro atatha, tizikumbukira nkhani imeneyi.