Ombwe

Ombwe, ena amati mthuthu, ndi dzina la chitsamba cha m'banja la nyemba chomwe akatswiri amachitcha Tephrosia vogelii. Chimatha kutalika mamita 4, masamba ndi makoko ake ndi aubweya, maluwa ake oyera kapena ofiirira. Ambiri akamva dzinali amangoganiza za mankhwala ophera nsomba, koma tanthauzo limeneli n'loperewera. Chitsambachi chimabwezeretsa chonde m'nthaka yoguga, ndipo masamba ake osinja amateteza chimanga kwa anankafumbwe komanso ng'ombe ku nkhupakupa. Wina anganene kuti chomera chopulula nsomba m'dziwe, ndi tiana tomwe, n'chosayenera kuchiyamikira. Nkhawayo ndi yomveka, n'chifukwa chake malamulo a Malawi amaletsa usodzi wotero, koma wolakwa ndi wothira m'madziyo. Alimi, dzalani ombwe m'minda mwanu, kumtsinje musapite naye.